Tsiku Limene Gesa Anaimbira Fiene

Gesa Oltmanns anadziwa kuti zinthu zaipa atangoona nsapato za mayi uja. Pa mpikisano wa hatchi wa kumudzi, m'matope a ku Ammerland, munthu sabwera ndi nsapato zoyera mbee ngati wa ku ukwati. Mayiyo anaima pampanda wa bwalo loyeserera, kapu ya khofi m'manja, ndipo pambali pake panali a Hinnerk Brunken atavala jekete lawo la kumaliro. A Hinnerk kuvala jekete Loweruka! Fiene, hatchi imene Gesa anakwera, anayamba kupalasa mchenga.

Musaganize kuti Gesa anali wa m'gulu la eni chuma ngati mayiyo. Ayi ndithu. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa anthu amene ana awo ali kutali. Zaka makumi anayi anali atazidutsa kalekale, banja linatha, mwana ali ku Bremen. Hatchi yakeyake sanakhalepo nayo. Fiene anali wa a Hinnerk, mlimi woweta hatchi zogulitsa, ndipo anatsalira m'khola chifukwa palibe amene ankamufuna. Ankaopa chilichonse: ambulera, jumbo youluka, ngakhale chithunzithunzi chake chomwe. Akatswiri awiri anamuyesa, onse anakadzuka ali chagada mumchenga.

"Kwera ngati moyo wakukwana," anatero a Hinnerk tsiku limene Gesa anapempha. "Koma ndikuuziretu, mtsikana iwe, ine ndimaweta zogulitsa. Akadzangoyamba kuyenda ngati hatchi, apita."

Gesa anaseka. Ndani akanagula misala yoteroyo?

Chimene chinathandiza sichinachoke m'buku lililonse la okwera hatchi. Kuntchito, nkhalamba ikamaopa madzi a m'bafa, Gesa ankaiimbira kanyimbo kam'mphuno, kopanda mawu, kopanda dzina, kongobwerezabwereza mpaka dzanja lomugwira mkono limasuke. Tsiku lina Fiene atayamba kunjenjemera pakona ya bwalo, kanyimboko kanangotuluka kokha. Khutu limodzi la hatchi linatembenukira kumbuyo, msana unafewa, ndipo anadutsa pakonapo ngati palibe kanthu.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda, koma mwaulesi bwanji! Chaka choyamba chinathera pa kuphunzira kuima chilili osavinavina. Kenako kuzungulira mozungulira mwenimweni, osati ngati dzira. Kenako kuyenda chammbali miyendo ikupingasana, ndi kusintha mwendo wotsogola ali mkati mothamanga, chinthu chimene Gesa analirira m'galimoto kangapo asanachipeze. Akaweruka masana ankathamangira kukhola yunifolomu ili m'thupi, mvula kaya chisanu. Anzake ankati akununkha hatchi, iye nkumati zikomo.

Vuto linali limodzi. M'bwalo la mpikisano wokwera salankhula. Hatchi umaiuza ndi miyendo, ndi chiuno, ndi zala pazingwe, basi. Ukangotulutsa mawu, kaya kutsonya chabe, oweruza amakudula malikisi. Nyengo yonse yachisanu a Hinnerk anaima pakati pa bwalo lawo akukuwa.

"Tseka pakamwapo! Kuno si kukwaya!"

"Sindinaimbe ine."

"Ndiye ndi njuchi? Njuchi mu Januwale, chisanu chonsechi?"

Gesa anaphunzira kukhala chete, ndipo kunyumba Fiene anazolowera. Koma uko kunali kunyumba, kumene mtengo uliwonse ankaudziwa. Lero kunali mbendera zikukupiza, ana akuthamanga ndi masoseji, ndi kanyumba ka oweruza kumapeto kwa bwalo, atakakongoletsa ndi maluwa a m'miphika.

A Hinnerk anamukodola. Gesa anayandikira pampanda, Fiene akupumira m'mwamba.

"Moin," anamupatsa moni wa kwawoko. "Awa ndi mayi Veenstra, achokera ku Holland," anatero a Hinnerk, maso ali pa ziboda za hatchi. "Akufuna aone mmene ayendere."

"Hatchi yokongola," anatero mayiyo. "Akuti mwamuphunzitsa nokha?"

"Ee." Gesa anawerama pang'ono kuti amve a Hinnerk okha. "Simunandiuze."

"Ndinakuuza kalekale, unaseka."

"Lero lomwe, a Hinnerk? Mpikisano wathu woyamba?"

"Mawondo anga atha, mtsikana iwe, ndipo khola silidya maluwa. Pita ukakwere. Akakadzutsa misala yake ija, mayiwa abwerera okha, ine nditsala ndi manyazi."

Mawu omalizawo anamulowa Gesa ngati minga. Akakadzutsa misala. Ndiye kuti njira inalipo, ndipo inali yosavuta mochititsa mantha. Panalibe zokoka chingwe mwadala kapena kubaya ndi chidendene. Ankangoyenera kumvera lamulo, kutseka pakamwa monga anamuphunzitsira, n'kumusiya Fiene yekha ndi mantha ake. Hatchi ikanalumpha, mayi wa nsapato zoyera akanaponya kapu yake m'bini n'kumapita, ndipo Lolemba Gesa akanapeza mutu wa Fiene ukumudikira pakhomo la khola. Ndani akanamunena?

Belu linalira.

Analowa molunjika pakati pa bwalo, naima, natsitsa dzanja kupereka ulemu kwa oweruza. Kuimako kunali kwabwino, koma pansi pa chishalo msana unali gwa ngati thabwa. Atayamba kuyenda, mphepo inakankha maluwa a pakanyumba paja, mphika umodzi n'kugwa. Fiene anadzutsa mutu. Khosi linauma, mapazi anafupika, ndipo Gesa ankamva mtima wa hatchi ukugunda m'miyendo yake kudzera m'nsapato zachikopa. Ankadziwa bwino chotsatira. Pakona yotsatira Fiene adzatembenuka ngati mphezi n'kuthawira kuchipata.

Khala chete, anadziuza. Ingokhala chete.

Kona inayandikira. Thukuta linachita thovu pakhosi pomwe zingwe zimakhudza. Ndiye khutu lija linatembenuka, lakumanzere, lomwe lija, n'kuloza kwa iye. Linakhala choncho, likudikira. Gesa analuma mlomo mpaka kumva mchere. Koma abale, zaka zonsezi anali ataiuza nyama imeneyi chinthu chimodzi chokha, kuti ukachita mantha ine ndilipo. Ndiye lero aisiye dala, kuti aisunge? Anadzida chifukwa choganiza zimenezo, ndipo anadzida kwambiri chifukwa chodziwa kuti sangathe.

Kanyimbo kanatuluka.

Sikanali kokweza, koma anali pafupi ndi kanyumba, ndipo bwalo lonse linali zii. Woweruza wamkulu, bambo wa chipewa chakuda, anadzutsa mutu n'kunong'oneza mlembi wake. Gesa anaona cholembera chikuyenda. Sanasiye kuimba.

Fiene anapuma mpweya wautali, fuuu, khosi n'kutsika, msana n'kufewa. Ndipo zimene zinachitika pambuyo pake, ngakhale a Hinnerk amene abadwira m'khola anali asanazionepo pa hatchi imeneyi. Anadutsa bwalo chopingasa miyendo ikutambasuka ngati sikukhudza pansi. Anayenda chammbali mosakakamizidwa. Anasintha mwendo pamalo pake penipeni, mopepuka, ngati akuseka. Wogulitsa masoseji anasiya kutembenuza masoseji ake. Gesa ankamva kukoma kumene anakulakalaka zaka zonsezi, ndipo phazi lililonse lokongola linkamuchotsera Fiene m'manja. Poima komaliza kupereka ulemu, misozi inali itafika pachibwano.

Anthu anaomba m'manja. Malikisi atatuluka, dzina lake linali pansi ndithu, chifukwa oweruza anamudula pa chigawo chilichonse chimene anamva mawu. Riboni ya opambana sanaione. Koma wogula hatchi sagula malikisi. Gesa akuchotsa chishalo kuseri kwa ngolo yonyamulira hatchi, anaona a Hinnerk ndi mayi Veenstra akuombana m'manja, phaa, monga amachitira kuno malonda a hatchi akatheka. Pambuyo pa dzanja limenelo palibenso zokambirana.

A Hinnerk anabwera pang'onopang'ono, akutsimphina. Anaima nthawi yaitali akusisita khosi la Fiene, osamuyang'ana Gesa.

"Nyengo yonse yachisanu ndakhala ndikukuwa," anatero motsitsa, mawu atasasa. "Ukanangotseka pakamwa, chitsiru iwe."

Gesa anawayang'ana. Maso a nkhalambayo anali psuu. Apa m'pamene anazindikira kuti pampanda paja panali munthu winanso amene ankapempherera misala.

Lole inabwera m'mawa wina sabata yotsatira, dokotala wa ziweto atamaliza zoyeza zake. Fiene anafika pa thabwa lokwerera n'kukana. Woyendetsa anakoka, a Hinnerk anakankha, hatchi n'kubwerera chambuyo maso ali tong'o. Gesa anali atalumbira kuti sathandiza, koma anatenga chingwe, naimba, ndipo Fiene anakwera pambuyo pake ngati mwana wa sukulu.

"N'chimene munachita tsiku lija?" anafunsa mayi Veenstra. Lero anali atavala nsapato za mphira, zamatope, ndipo anafunsa mwaulemu. Anatulutsa foni. "Pepani, ndikudziwa kuti n'zowawa. Mungaimbenso? Mwana wanga ndi amene azimukwera, ndikufuna akaphunzire."

Gesa akanatha kukana. Ichi chokha ndiye chinali chake pa hatchi yonseyi. Koma anaganiza za khola lachilendo, makona achilendo, ndi khutu lija likutembenuka popanda woliyankha. Anayandikitsa pakamwa pafoni n'kuimba mpaka kumapeto, ngakhale mawu anaduka pakati. M'kati mwa lole Fiene analira kamodzi.

"Muziyamba asanachite mantha," anatero Gesa. "Mukaona khutu lakumanzere."

Tsikulo analowa ntchito masana. Woyamba kusamba anali mayi Tammen, amene amaopa madzi kuposa onse m'nyumbamo. Gesa anatsegula mpopi, anayesa madzi ndi chigongono, nawakhazika pampando. Mayiwo anamugwira mkono mwamphamvu n'kumuyang'ana kumaso.

"Lero sukuimba bwanji, mwanawe?"

"Ndaimba kale, mayi," anatero Gesa.

Dzanja lija silinamasuke. Gesa anatenga kansalu kosambitsira, n'kuyambanso kuimba.