Chaka Chimene Amalume Anagula Chingwe

Chingwe cha amalume chinali cha khonje, chonenepa ngati mkono wanga wa nthawi imeneyo, ndipo chinkanunkha mbuzi yonyowa. Chinkagona m'nyumba, pamsomali wake wokha kuchipinda. Mvula ikayamba, amalume ankathamanga kukalowetsa chingwe, kenako macheka, kenako njinga, kenako n'kukumbukira kuti panja pali mwana. Za kutalika kwake sindikufuna kukokomeza. Ndingonena kuti mukachitambasula kuyambira kwathu ku Ching'ambo, mu Mzuzu, nsonga yake inkamva nkhani za kumsika waukulu ife tisanazimve.

Tinachokera ku Zomba. Bambo anali kumigodi ku Joni, choncho amene ankatisunga, ine ndi amayi, anali amalumewa, mlongo wawo wa amayi. Ntchito yawo inali kudula mitengo ndi kusadza nthambi. Anthu a mu Mzuzu anadzala bulugama ndi paini pafupi ndi nyumba zawo mitengoyo ili mbande, n'kuiwala kuti imakula. Ikayamba kugogoda padenga ndi pamene ankakumbukira amalume. Kampani yonse inali munthu mmodzi, njinga imodzi, nkhwangwa, chikwanje, macheka ndi tupa. Ofesi inali pakhonde pathu, ndipo mlembi wake anali aliyense amene wapezeka pakhomo.

Chaka chimene ndinali Sitandade 3, nyengo yozizira itangoyamba, kusitolo ya zitsulo kunafika makina a petulo odulira mitengo. Mwini sitoloyo anali Msilamu wochokera ku Mangochi, wa ndevu zoyera ndi mimba yaulemu wake. Makinawo anali ogwirapo kale ntchito, utoto utasupuka, koma Loweruka lililonse ankawatulutsa pakhonde n'kuwaliza kuti anthu amve. Ndikulumbira, agalu a ku Mchengautuwa ankayankha, ndipo nkhuku za pafupi zinkasiya kuikira mpaka Lachitatu. Aliyense ankadziwa amene adzawagule. Amalume anali atadzimana zaka ziwiri chifukwa cha makina amenewo, ndipo ine ndinali nditauza kale kalasi yonse, ndi aphunzitsi omwe, kuti kwathu kukubwera chinthu chimene chimadula mtengo munthu asanamalize kuyetsemula.

Ndiye m'mawa wina, chifunga chisanachoke, kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Anali Mtumbuka wamtali, wofatsa, wovala jekete la batani limodzi. Analonjera, anakhala pampando, anapukuta nsapato ndi tsamba. Mawu awo ndimawakumbukirabe, Chichewa chosakaniza ndi chakwawo: "Adada, khuni lira la kuseri kwa ofesi likutisuzga chomene. Alendo akuluakulu akubwera pakutha pa mwezi. Lichoke. Koma ofesi isakhudzidwe, ngakhale ndi tsamba." Khuni kwawoko ndi mtengo. Atatero anatsitsa mawu n'kunena kuti mu ofesimo muli chithunzi.

Ana a lero ndiyenera kuwafotokozera. Chithunzi chimenecho chinali cha mtsogoleri wa dziko, ndipo chinkapachikidwa pamwamba pa chilichonse m'chipinda, ngakhale wotchi. Munthu akaswa galasi lake sankafunsidwa ngati wachita dala kapena ayi. Galimoto inkabwera kudzamutenga, iye ndi kamtolo kake, ndipo achibale ankaphunzira kusatchula dzina lake pagulu. Ntchito ya chipani sinkakanidwanso. Izi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo chimene ndinaona ine n'chakuti amayi anathira shuga kawiri m'kapu imodzi.

Mtengowo unali bulugama, ndipo amene sanauone asanditsutse. Mvula inkagwa kunsonga kwake Lachiwiri, pansi n'kufika Lachitatu. Akhwangwala ankapumula pakati asanapitirize ulendo. Anthu anayi ogwirana manja sankakwanitsa kuuzungulira. Unapendekera kuofesi, kanyumba ka njerwa ka malata asanu ndi limodzi, ndipo nthambi yake yaikulu inadutsa pamwamba pa denga ngati mkono wa munthu amene akufuna kumenya koma akuganizabe. Kumanzere kunali mawaya a magetsi, kumanja mpanda wa sukulu yathu. Malo ougwetsera wathunthu panalibe.

Amalume anapita kukauona. Anakhala pamwala masiku awiri, khosi lili chagada, osaukhudza. Anthu ankati mmisiri wachita mantha. Tsiku lachitatu anavala malaya a kutchalitchi n'kunena kuti akupita kusitolo. Ndinawatsatira, pamodzi ndi theka la Sitandade 3.

Makina aja anali pakauntala, atapukutidwa. Amalume anawasisita pamsana monga mmene munthu amasisitira ng'ombe ya mnzake, kenako anati akufuna kuona zingwe.

Mwini sitolo anaganiza kuti sanamve. Anatulutsa cha nayiloni, chabuluu, chonyezimira, n'kulumbira kuti chimenechi chingakoke basi. Amalume anachikoka, chinatamuka, anapukusa mutu. Anati nayiloni imatamuka, ndipo nthambi imene waimangira pamwamba pa denga imakafika pamene sunaitume. Anati imaduka mwakachetechete, pamene khonje limayamba ladandaula. Anatsitsa mpukutu wa khonje, anautambasula wonse mumsewu, n'kuyamba kuyenda nawo chala ndi chala, akupotokola ulusi kuti aone mkati, akununkhiza ngati muli nkhungu. Chinyontho cha Mzuzu chimawoletsa chingwe kuyambira mkati, kunja chikuoneka chatsopano. Dzuwa linasuntha. Anzanga anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akundiyang'ana.

Pomaliza anaponya chingwecho pamphanda ya mtengo wa mango wa kutsogolo kwa sitolo, anapinda nsonga yake n'kumanga lupu yokhalamo munthu, n'kuuza mwini sitolo kuti akhalemo. Amalume anati chingwe chimene wogulitsa akuopa kukhalamo iwo sagula. Bamboyo anakana, anatchula zaka zawo, anatchula ana awo. Kenako anavula nsapato n'kukhalamo. Amalume anawakweza mpaka kufanana ndi denga. Ali m'mwambamo, atagwira kofiya ndi dzanja limodzi, anakuwa kuti, "Walahi, a mmisiri, chingwechi n'chabwino! Nditsitseni ndikuchotsereniko!" Anthu amati kuchokera tsiku limenelo katundu yense wa m'sitolomo ankayamba amuyesa okha, ngakhale misampha ya makoswe. Ine sindinaone, koma amene anandiuza samanama kawirikawiri.

Ndalama zimene amalume anasunga zinkakwana chinthu chimodzi, makina kapena chingwe cha utali umenewo ndi macheka atsopano. Anabwerera ndi chingwe paphewa. Ine ndinalira njira yonse. Sanandinyengerere. Anangonena kuti makina amathamanga, koma mtengo uwu sukufuna wothamanga, ndipo phokoso lake limakutseka makutu usamve mtengo ukayamba kung'aluka. Pa nthawiyo ndinaona ngati mawu a munthu amene wabera mwana chisangalalo. Lero ndikaona anyamata akugwetsera mitengo pamadenga a anthu ndi makina atsopano, ndimawavulira amalume chipewa mumtima.

Anayamba Lolemba. Anakwera opanda nsapato, macheka akulendewera m'chiuno, chingwe chakale chitawamanga kuthunthu, chatsopano ali nacho kumano. Makungwa anali oterera ndi mame. Ankakwera, kuima, kupukuta mapazi pamiyendo, kukweranso, mpaka anachepa ngati nyerere, kenako chifunga chinawameza. Tinkangomva macheka akulira m'mitambo, utuchi ukugwa pamitu pathu, wonunkhira ngati mankhwala a chifuwa. Aphunzitsi anaona kuti masamu alephereka, anatitulutsa tikhale kumpanda, n'kunena kuti iyi ndi sayansi.

Ankadula kuyambira kunsonga, chidutswa chimodzichimodzi. Chilichonse ankayamba achimanga, chingwe n'kudutsa pamphanda ya pamwamba, n'kutsika pansi pamene anachikulunga katatu pathunthu la paini. Mapeto ake ankafunika munthu woti azimasula pang'onopang'ono. Anyamata a chipani anadzipereka, anthu a zifuwa ngati zitseko. Amalume anawathokoza kwambiri, n'kupereka chingwe kwa amayi.

Amayi anga anali aafupi. Pamsika ankawapatsa mtengo wa ana. Koma anamanga chitenje, anaponda pansi, ndipo zipika zolemera ngati ng'ombe yabere zinkatsika kuchokera kumwamba mwaulemu, ngati zikupita kukalandira mgonero. Likhweru limodzi la amalume linkatanthauza masula, awiri gwira. Anakulira limodzi, ndipo likhweru la mlongo wawo ankalimva lisanatuluke. Pambuyo pake aphunzitsi anatifotokozera kuti thunthu la paini ndi limene linkanyamula kulemerako. Sindinawakhulupirire, ndipo mpaka lero ndimawakhulupirira theka.

Masiku atatu anapita choncho. Lachinayi kunatsala nthambi ija ya pamwamba pa denga. Kunali kamvula kowaza, kozizira mpaka m'mano. Anthu anadzaza msewu. Njinga zinaima, amayi a nkhuni ochokera ku Kaning'ina anatula mitolo. A tcheyamani anaima pakhomo pa ofesi, manja kumbuyo, batani lija litamangidwa. Wina anafunsa chifukwa chake sakungotulutsa chithunzicho kaye. Oyandikana naye anasuntha pang'ono. Chithunzi chimenecho sichinkatsitsidwa chifukwa cha mtengo.

Amalume anakwawa panthambiyo chamimba, anaimanga malo awiri, n'kubwerera kuthunthu. Anacheka pansi pang'ono, kenako pamwamba. Ankacheka katatu n'kuika khutu. Katatu, khutu. Msewu wonse unali zii, ndipo ndinkamva madontho akugwa pamalata.

Kenako nthambi inalira, n'kulekana ndi mtengo. Chingwe chinakungika, madzi anathamanga kuchoka m'menemo ngati nsalu yofinyidwa, ndipo chinadandauladi, mawu aatali ngati chitseko cha tchalitchi. Chinali chonyowa, chinatsetsereka pathunthu la paini. Ndinaona utsi ukutuluka pakhungwa. Ndinaona zidendene za amayi zikulima mizere iwiri m'matope. Likhweru linalira kawiri, kawirinso. Amayi anadziponya chagada, chingwe chili m'manja.

Nthambi inaima. Pakati pa iyo ndi denga mukanalowetsa buledi, koma osati wa masiku amenewo, wa masiku ano. Inazungulira pang'onopang'ono, ndipo kanthambi kamodzi kanakanda lata kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kweee.

Palibe amene anatsokomola. A tcheyamani analowa mu ofesi. Anakhalamo nthawi imene ine ndinakula chala chimodzi. Atatuluka anayang'ana denga, anayang'ana kumwamba kumene kunali amalume, anatola katsamba kamene kanagwera pakhomo n'kukaika m'thumba la jekete. Anati, "Chili makora. Yewo chomene, adada." Atamva kuti chithunzi chili bwino ndi pamene anthu anakumbukira kupuma. Anakoka nthambiyo ndi kachingwe kena, inatsikira pabwalo, ndipo amayi a nkhuni analuluta.

Thunthu lotsalalo linali ntchito ya mawa lake, yopanda choopsa. Amalume anatsika n'kupita kwa amayi. Anawatsegula manja. Khungu la m'zikhatho linali litasupuka, lofiira. Amalume anangoti, "Achemwali." Amayi anati, "Tiyeni kunyumba, achimwene, anthu akutiona."

Popeza amayi sakanatha kugwira kanthu, anandiuza kuti ndinyamule kamtolo kamene kanali patsinde pa paini, komangidwa m'chitenje chakale. Ndinali ndisanakaone. Ndinaganiza kuti muli zitumbuwa zokondwerera, choncho ndinatsalira m'mbuyo n'kumasula. Munali bulangeti la amalume, juzi yawo, sopo wodula pakati, kapu yachitsulo ndi chinangwa chophika.

Ndinathamanga kukawafunsa kuti zimenezi n'zachiyani. Amayi anayang'ana amalume, amalume anayang'ana msewu. Amayi anati ndimange msanga, zinyowa.

Ndinaganiza ndekha njira yonse, ndipo pofika kunyumba ndinali nditapeza yankho. Bulangeti linali loti amalume akagwa, anthu anayi aligwire m'makona n'kuwawakha. Ndinasirira nzeru za amayi, ndipo mawa lake ndinafotokozera kalasi yonse. Aphunzitsi sanaseke, anangoti titsegule mabuku. Chimene chinandivuta kwa zaka zambiri chinali sopo. Sindinkamvetsa kuti munthu wogwa mumtengo sopo achita naye chiyani.