Thunthu la Nthochi M'manda a Achimwene

Achimwene anafera pa ngozi ya ndege yomwe inkabweretsa anthu kuchokera ku migodi ya ku Joni. Mtembo sunabwere. Kwathu ku Malindi, msodzi akamira osapezeka timaika thunthu la nthochi m'manda, ndipo nafenso tinachita zomwezo.

Maliro atatha, wansembe anatipezera loya wa ku Blantyre woti akatiyankhulire kwa eni ndegeyo. Loyayo asanakhazikike n'komwe pakhonde, tcheyamani wa chipani anafika osaitanidwa, n'kukhala pampando wa malemu. Masiku amenewo munthu wodandaula ankangosowa, osamvekanso.

"Mlandu ulipo," anatero loya, "koma pafunika wina aimirire n'kunena kuti akudandaula. Ndani?"

Tonse tinayang'ana amalume, poti milandu ya pabanja pathu ankayankhula ndi iwo. Amalume anayang'ana tcheyamani, kenako n'kuzolika.

"Ife sitikudandaula, bwana. Mwana wathu tinamuika bwinobwino."

Tcheyamani anagwedeza mutu movomereza. Loya anayamba kutseka chikwama chake. Ine ndinangokwiyira mumtima.

Amayi anali pamphasa kuseri kwa chitseko, ndipo mwamwambo sankayenera kuyankhula alongo awo atayankhula kale. Anatuluka ndi khasu, n'kuliika pamapazi pa tcheyamani.

"Alongo anga anena zoona, tinaika bwinobwino," anatero motsitsa mawu. "Pitani mukafukule, atcheyamani. Mukakapezamo mwana wanga, ine sindidandaula."

Tcheyamani sanalikhudze khasulo. Loya anatsegulanso chikwama.