Chambo Chimene Chinapha Galimoto ya Amalume

Ndinapha galimoto ya amalume anga ndi nsomba. Sekani ngati mukufuna, inu owerenga, koma ine kuseka ndinasiya kalekale.

Sukulu ndinaithawa ndili Fomu 2. Aliyense kwathu ku Mangochi ananditaya, kupatula amalume, Che Saidi, makaniko amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri. Ananditenga kugalaja yawo n'kundiuza kuti ndikaonetsa nzeru, adzandisiyira galajayo akamadzabwerera. Chibadwire, palibe amene anandilonjezapo kanthu.

Galimotoyo inali ya tabo. Tabo imakankhira mpweya wambiri mu injini, koma mpweyawo umakhala wotentha, ndiye umayenera kudutsa kaye mu intakula, chipangizo chonga rediyeta, kuti uzizire. Yathu inali pamwamba pa injini, pansi pa boneti, ndipo ndi dzuwa la kuno inkangotentha ngati chiwaya. Tinaisamutsira kutsogolo. Miyezi itatu tikupinda mapaipi, kudula bampala, kutseka mipata ya m'mbali ndi malata kuti mphepo isathawire kwina.

Masiku amenewo ndimawasowa. Amalume ankaimba nyimbo za Chiyao atagona pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka, n'kumandinena kuti mutu wanga ndi dzungu ndikawapatsira sipanala yolakwika. Tsiku loiyesa tinawoloka mlatho wa Shire tabo ikuliza likhweru, akabaza akuimika njinga kuti atione. Titaima, amalume anatenga dzanja langa n'kuliika pa intakula. Inali yozizira. "Galimoto ili ngati munthu, mphwanga," anatero. "Ukaitseka mphuno, yafa."

Tsiku lina mu Okutobala kunali sadaka ya malemu apongozi awo ku Namwera. Anandipatsa makiyi koyamba. Anati ndikagule chambo, ndichiike m'ndowa mu buti, nditsogole, iwo abwera akamaliza kukonza lole ya munthu.

Kumsika, mayi wogulitsa nsomba anandiseka. "Iii achimwene, galimoto yokongola chonchi mukufuna inunkhe? Mangani kutsogolo ngati anzanu, zizipitidwa mphepo!" Sananame, kuno aliyense amatero. Ndinapachika chambo chotunga pamlaza pabowo lomwe lija tinadula pabampala, n'kuphimba ndi chiguduli chonyowa kuopa fumbi. Ndinadziona wochenjera.

Pachitunda cha Chowe, dzuwa lili paliwombo, galimoto inayamba ulesi. Mu injini munkamveka ngati timiyala m'chitini. Munthu wanzeru akanaima. Ine ndinaona minibasi ikufuna kundipitirira, kondakitala akundiloza n'kumaseka, ndipo ndinaponda moto mpaka pansi. Singano yosonyeza kutentha ndinaiona itafika kale pofiira. Kenaka phokoso limodzi, utsi, basi zii.

Amalume anandipeza pomwepo atakwera njinga yamoto. Anakweza chiguduli n'kuyang'ana nsomba zitamatirira pa intakula, mamba atadzaza timipata tonse todutsa mphepo. Ndinkalakalaka atandimenya. Iwo anangoti, "Dzanja lako lomweli linaigwira ili yozizira." Anamasula nsombazo n'kupitiriza ulendo wa kusadaka, ine n'kutsala ndikulondera mtembo wa galimoto.

Titatsegula injini, pisitoni imodzi inali itabooka. Zipangizo zake kuno sizipezeka. Chaka chisanathe amalume anabwerera ku Joni, galaja anasiyira munthu wina, ndipo sindingawanene. Lero ndimapalasa kabaza paboma, kunyamula amayi ndi madengu awo. Galimoto ija ili pamiyala kuseri kwa nyumba ya mayi anga, nkhuku zikuikira mazira pampando woyendetsera umene ndinakhalapo tsiku limodzi lokha.

Inu anyamata okonda liwiro, ndimvereni. Musaike kanthu patsogolo pa intakula, kaya ndi nsomba, kaya nambala, kaya magetsi okongoletsa. Galimoto ikayamba ulesi n'kumalira timiyala, imani, minibasi ipite. Ndipo munthu akakukhulupirirani ena onse atakutayani, chitani zimene wakuuzani, ngakhale msika wonse ukusekeni. Ndowa ija inali mu buti ulendo wonse, yopanda kanthu.