Katondo amene anandiphonya

Ndikukumbukira tsiku limene luso la zojambula linabadwa kwathu ku Nsaru, chifukwa linabadwa likulunjika pamphumi panga. Ndinali mnyamata wa zaka khumi. Msuweni wanga Tiyamike, mwana wa malemu amalume, ankandiposa ndi zaka ziwiri, ndipo ankakhala kwathu mwa chifundo cha amayi, chifundo chimene ankakumbutsidwa m'mawa uliwonse.

Sabata imeneyo kunali chinkhoswe cha achemwali. Kwathu nyumba silandira akuchimuna isanavale: pansi amazira ndi mtsiro wakuda, khoma amalipaka dothi loyera, kenaka maluwa a katondo pamzere, ofanana ngati ana a sukulu pa asembule. Ntchitoyo anapatsidwa Tiyamike. Ine ndinadzipatsa ukapitawo.

"Amenewa ndi maluwa kapena mapazi a bakha?" ndinafunsa.

Anapitiriza kujambula, ine n'kuwonjezera:

"Kodi kwanu kunali khoma n'komwe?"

Nyumba yawo inagwa ndi mvula chaka chimene bambo ake anamwalira. Ndinkadziwa bwino lomwe.

Anatapa katondo m'beseni dzanja lonse. Ndinazinda. Matope anaphulika pakhoma loyera lija n'kusiya mchira wautali wopindika. Ulendo wachiwiri anaponya mtsiro, ndinazindanso. Kenaka anandisiya n'kuyamba kumenya khomalo ndi zikhatho, zala zikukanda, misozi ikutsika. Ponseponse pankanunkhira dothi lonyowa, ngati mvula yoyamba.

Amayi anatulukira ndi ndowa pamutu.

"Ndani wandivula pamaso pa alendo?"

"Ine ndimangodutsa, amayi. Ndinamuletsa koma sanamve."

Tiyamike anangondiyang'ana. Chinkhoswe chitatha anamukweza matola, kukamutula kwa abale a mayi ake ku Lilongwe. Ine anandipatsa beseni kuti ndifute manyaziwo. Ndinapaka katatu, koma khoma likangouma, kufiira kuja kunkasuzumiranso.

Zaka zapita. Ndinafika ku koleji, ndipo patatha zaka ziwiri ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere, aliyense ndi katundu wake. Tiyamike ndi wojambula wotchuka. Zithunzi zake zilibe munthu, mbuzi kapena mtengo, ndi mitundu yokhayokha yomenyana. Chaka chatha ndinapita ku chionetsero cha ntchito zake zoyambirira, wosaitanidwa, poti ndinamva kuti kuli zakumwa zaulere.

Bambo wina wa tayi ankafotokozera alendo mwaulemu ngati ali pa guwa. "Taonani ukali wa kufiiraku, taonani mmene dzanja linathamangira. Palibe akudziwa kumene anaphunzira zimenezi." Ndinatsokomola pang'ono. Sukulu ya Tiyamike, ine amene, inali itaima kumbuyo kwawo, ili ndi botolo m'manja.

Ndiye ndinaona chimene bamboyo sanaone. Pakati pa chithunzi chilichonse panali malo osapakidwa, obulungira, a msinkhu wa mutu wa mnyamata. Mitundu yonse inkathamangira pamenepo n'kuphonya pang'ono.

"Wabwera kudzayang'anira, kapitawo?" Anali Tiyamike.

"Ndimangodutsa."

"Ndikukumbukira. Taima pomwepo, usasunthe."

Anandiyeza ndi maso kuchokera kuchibwano mpaka pamphumi, n'kutembenukira alendo ake.

Lero ndimamvetsa kuti ndikanangoima tsiku lija, katondo akanachoka ndi madzi a chikho chimodzi, ndipo ndikanakhalabe ndi msuweni. Ndinazinda matope, ndinazindanso chilungamo. Wozinda amapulumuka masana amodzi okha, koma woponya sasiya kulunjika.