Dzanja Limene Linakana Kutambasuka

Kabotolo kake kanali kobiriwira, kotseka ndi kansanza, ndipo munkakhala mafuta a nsatsi. Kankakhala pazenera, pomwe nkhuku sizikanafika. Sindidziwa kuti kanathera kuti, koma fungo lake ndikhoza kulizindikira ngakhale pamsika wodzaza anthu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Kabudula. Nthawi yotuta mabelo, ngolo imene tinakwera ine ndi amayi inagudubuzika pamtsetse wa kudambo. Amayi anandimbwandira ndi dzanja lamanzere n'kundikankhira pa udzu, koma mkono womwewo unapsinjidwa ndi ngolo. Kuchipatala cha m'tauni anaudula m'munsi mwa chigongono.

Anabwerako m'mwezi wa Juni, kukuzizira, zigafa zoyanikamo fodya zili mbee. Bala linali litapola. Chimene sichinapole ndi dzanja lomwe kunalibelo.

"Lafumbata," ankatero amayi. "Zikhadabo zikulowa m'chikhatho."

Masana dzuwa likuswa mtengo ankakhala pakhonde n'kumakanda m'malere, pomwe pakanakhala zala. Amayi anzawo anasiya kukhala kumanzere kwawo. Malume anapita kawiri m'tauni kukafunsa komwe anakwirira mkonowo. Ankati aufukule, awongole zala, chifukwa mwina anauika uli wopindika. Anabwerako opanda yankho.

Ine ndinali ndi mantha anga. Pamkono panga panali mikwingwirima isanu, pomwe anandigwira tsiku lija, ndipo inachedwa kuzimirira. Ndinkakhulupirira kuti dzanjalo lafumbata chifukwa likuyesa kuti likundigwirabe, ndipo likadzazindikira kuti ndinapulumuka lidzandifunafuna. Amayi akandiitana, ndinkazungulira n'kudzera kumanja. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimachita manyazi ndikaganiza kuti amayi ankaona zonsezo.

Kenako kunayamba kubwera mayi wa mafizo, wotikita minofu ya ovulala, pa njinga yamoto, Lachinayi lililonse. Anali wamfupi, wa manja aakulu, wosachedwa pa moni. Ankatenthetsa mafuta aja m'zikhatho zake n'kuyambira paphewa, kutikita minofu motsetsereka mpaka pomwe mkono unathera. Pachipsera ankazunguliza chala chachikulu pang'onopang'ono kuti khungu lisamatirire ku fupa. Akatero ankagogoda ndi nsonga za zala, kenako kusisita ndi nsalu, ndipo patapita milungu anayamba kusisita ndi chitsononkho. Amayi ankaluma mano.

"Apa mukumva chiyani, mayi?"

"Mwandigwira chala chapakati."

Mayiyo anali atagwira pafupi ndi chigongono. Sanadabwe, anangogwedeza mutu n'kupitiriza. Malume anachoka pakhondepo, ndipo tsiku limenelo nsima anakadyera kwa anzawo.

Lachinayi lina mayi wa mafizo anabwera ndi galasi lalitali, lobwereka kwa telala wa pamsika. Analiimika pamphasa pakati pa mikono ya amayi, wodukawo n'kubisika kuseri. Amayi atasuzumira m'galasimo anaona manja awiri. Nanenso ndinawaona, awiri, ali ndi mitsempha yofanana. Ndinafuna kuthawa.

"Fumbatani lamanjali monga lafumbatira linzakelo," anatero mayiyo. "Musayang'ane kwina, yang'anani m'galasimo."

Anathira mafuta n'kuyamba kutikita dzanja lamoyolo, chala chimodzichimodzi, ndipo m'galasimo manja ena ankatikita dzanja lakufalo. Panapita nthawi yaitali, kunja kukungomveka njiwa.

"Kachala kakang'ono kasuntha," ananong'ona amayi.

Sizinathe tsiku limenelo. Galasi linakhala m'nyumba mwathu mwezi wathunthu, ndipo ndikamasesa ndinkaliphimba ndi chitenje. Anthu ananena zambiri: kuti mayiyo ndi wamatsenga, kuti akuitana chimene chinapita kale. Koma amayi ankakhala pagalasipo m'mawa uliwonse, ndipo zala zinkamasuka chimodzichimodzi. Chachikulu ndicho chinatsirizira.

Linali tsiku lamphepo, fumbi likuzungulira pabwalo. Mayi wa mafizo anali akutikita chikhatho pomwe amayi anatulutsa mpweya wautali n'kunena kuti, "Latambasuka." Kenako anandiyang'ana. "Bwera udzakhale kuno, mwanawe." Analoza ndi chibwano kumanzere kwawo.

Ndinapita. Ndinakhala pansi, phewa langa n'kukhudza pomwe mkono unathera. Panali pofunda, poterera ndi mafuta. Palibe chinandigwira.

Patapita masabata awiri amayi anasiya kulimva dzanjalo. Kupweteka kunatha, kuyabwa kunatha, ndipo mayi wa mafizo akagwira pachigongono, amayi ankangoti, "Ndi pachigongono." Malume anapha nkhuku. Galasi linabwerera kwa telala.

Koma m'masiku amenewo ndi pomwe ndinawapeza amayi kuseri kwa chigafa akulira, kulira kumene sanalire ngakhale pobwera kuchipatala. Ndinawafunsa ngati layambiranso kupweteka. Anapukusa mutu.

"Ayi, mwanangu. Lapita."

Ndinaimirira pomwepo nditasokonezeka. Ndinkaganiza kuti munthu akachira amaseka. Sindikanadziwa pa msinkhu umenewo kuti ululu uja ndiwo wokha unali utawatsalira wa dzanja lawo, ndipo kuti maliro ake anali kuchitika tsiku limenelo.