Khoma Lomaliza la Aburashi

Aburashi ajambula makoma a mashopu kwa zaka makumi atatu, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo salitchulanso. Kale ukamayenda mumsewu wa kumsika, dzanja lawo umaliona mbali zonse: ng'ombe yonenepa pa butchala, loko ndi makiyi pa hadiweya, mayi wa ndolo pa saluni. Sankakopera m'magazini ayi. Ankajambula anthu a mumsewu momwemo, moti ukawayankha mwano, mawa lake umadzipeza pakhoma uli ndi makutu ngati mbale.

Kenako kunabwera kampani yakunja ya zakumwa. Inkapenta shopu mwaulere, bola khoma lonse likhale lachikasu, pakati pali mtsikana womwetulira yemwe palibe anakumanapo naye. Ndani angakane zaulere? Miyezi isanu isanathe, mashopu onse anafanana ngati ana a sukulu pamzere. Munthu wofuna mankhwala a mutu ankapezeka walowa mu butchala.

Linatsala khoma limodzi lokha, la babashopu ya alamu awo. Panali mitu isanu ndi iwiri yoonetsa kametedwe: wowotcherera, dalaivala wa lole, ena atatu amene anasamuka, Aburashi eni ake akadali ndi tsitsi, ndi malemu achimwene awo atapesa seda. M'mawa uliwonse ankadzera pamenepo kulipukuta fumbi ndi kansanza.

"Alamu, a kampani aja anabweranso," anatero wometayo tsiku lina. "Akuti andiwonjezera mpando wozungulira."

"Mukangolola, mlongo wanu ndikubwezerani lero lomwe, ndi mapoto ake omwe."

Alamu anaseka, koma a kampani anawakana kwamtuwagalu. Chaka chonse anakana, uku akumetera anthu pampando wothyoka mwendo.

Anthu nawo anayamba kutopa. Makasitomala ankasochera, ndipo kampani inaletsa kulemba ngakhale mtengo wa sopo pamakoma ake. Amalonda anapanga komiti. Pamsonkhano woyamba Aburashi analankhula mpaka mawu kusasa, akuti msewu wasanduka wa eni ake osadziwika. Anthu anawaombera m'manja. Anabwerera kunyumba atanyadira, nanyika maburashi onse m'parafini, poganiza kuti ntchito yabwerera.

Loweruka m'mawa wapampando wa komiti, mayi wa hadiweya, anawapeza pa babashopu. Anali ndi chitini cha penti yoyera ndi gulu la amalonda pambuyo pake.

"Bambo, tikufuna mawu akuluakulu oti tiwajambule, aoneke m'mafoni dziko lonse. Makoma enawa tinasainira, tikawakhudza atitengera kukhoti. Latsala ndi lino."

"Nanga mituyi?"

"Aa, bambo, ndani akumetanso chonchi masiku ano? Ife tikumenyera zathu, inu mukulirira zithunzi?"

Aburashi anayang'ana alamu awo. Alamu, amene anapirira kampani chaka chathunthu, anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi kupukuta galasi loyera kale. Mlendo ungamukane, koma anansi ako amene abwere kudzameta mawa uwakana bwanji?

Zinawawawa kwambiri Aburashi, ndipo anafuna kungochokapo. Koma telala wina wa m'gululo anali atatsegula kale chitini, burashi ataigwira ngati chipande. Khomalo linali litapita basi. Chotsala chinali choti lifafanizidwe ndi munthu wodziwa kapena ndi telala.

"Bweretsa kuno, uwononga penti," anatero Aburashi.

Anapaka yoyera kawiri kuti nkhope zisaonekere pansi. Itauma anakoka chingwe, nalemba ndi penti yakuda zilembo zowongoka bwino, zazitali ngati mwana woyamba sukulu: MSEWU UNO NDI WATHU. 

Gulu lonse linakuwa, mafoni m'mwamba. Aburashi anangoima pafupi ndi khoma, ovolosi ili penti yokhayokha, burashi ikudontha.

"Bambo, tasunthani pang'ono," anatero wapampando. "Mukutchinga mawu."