Riyali ya Muqbil Idasambitsidwa

Muqbil ndidakhala naye moyandikana mumsika wa ku Sana'a zaka makumi anayi, iye pa siliva, ine pa mphesa zouma. Sukulu tonse tidalekeza panjira, ngakhale iye ankati sukuluyo ndiyo idamuthawa. Anali woonda ngati chikoti, wosaseka chisawawa. Ntchito yake inali kuuza anthu ngati ndalama yawo yakale ya siliva ili ndi chilema chobadwa nacho kapena bala.

Chilema chobadwa nacho ndi cholakwika cha kosulira ndalama komweko, monga chidindo kugwera pambali, kapena m'mphepete kubenthuka ndalama isanadindidwe. Zoterezi anthu osonkhanitsa ndalama zakale amazisaka ngati mankhwala. Bala ndi la manja a anthu: bowo loti ndalama ilendewere pamphumi pa mkwatibwi, kapena tupa ya tambwali wofuna kupusitsa ogula.

"Hizam, tabwera uone, mbuli iwe," ankandiitana. "Pobenthuka apa pada mofanana ndi thupi lonse. Zidakalambira limodzi. Pakadadutsa tupa, bwenzi pakuwala ngati mano a mkamwini."

"Ine ndikuona yolumidwa ndi khoswe."

"N'chifukwa chake umagulitsa mphesa."

Iye mwini anali ndi riyali imodzi yotero, yobenthuka ngati mwezi, yakuda bii. Adaipeza ali mnyamata m'thumba la wamalonda wa khofi, ndipo ankaisunga kunyumba m'kansalu. Ogula ankabwera, iye n'kumakana.

Kenaka ng'ala idagwira maso onse awiri. Adayamba kupatsa moni bulu wa mnzathu wogulitsa mchere. Ine ndidaseka, koma nditaona kuti galasi lake loonera ndalama akulifufuza ndi manja lili pamaso pake pomwepo, kuseka kudandithera. Dokotala adati opaleshoni yake ndi ya ku Cairo, ndipo asachedwe. Kunyumba kunalibe china chofikitsa munthu ku Cairo koma riyali ija. Adatumiza mawu kwa wogula wina wa ku Jeddah amene adaisirira kalekale, ndipo adagwirizana za Lachinayi.

Lachinayi m'mawa Muqbil ali kumzikiti, mkazi wake, mayi Taqiya, adatsegula kansalu kaja. Kwathu mkazi satulutsa siliva wakuda pamaso pa mlendo, n'zamanyazi. Adatenga phulusa ndi ndimu, n'kuikwecha ndi mtima wonse monga ankachitira ndi zibangili zake chikondwerero cha Idi chikayandikira. Adaikulunganso bwinobwino osanena kanthu, kuti bambo akasangalalire konko.

Ine ndinalipo pamsikapo pamene wa ku Jeddah ankamasula kansaluko. Riyali idang'anima mpaka ntchentche zidathawa.

"Haji, mwandiyendetsera ichi?" adatero. "Si imene ndidaiona ija."

"Ndi yomweyo, mwana wanga. Taonani pobenthukapo, pada mofanana ndi..."

"Pada pati? Pakuwala ngati padutsa tupa dzulo."

Muqbil adaitenga, n'kuisisita ndi chala chachikulu. Kenaka adainunkhiza. Ndimu. Ine ndidayamba kuyang'ana mphesa zanga ngati zachilendo.

"Idabadwa nacho," adatero motsitsa.

"Inu ndikukukhulupirirani, Haji. Koma amene ndikamugulitse ine akakhulupirira ndani? Umboni mwausambitsa. Tiyeni tiike pasikelo, ndikupatseni mtengo wa siliva."

Mtengo wa silivawo sukanamufikitsa ngakhale ku Aden, m'dziko lathu lomweli. Adakana, n'kubweza riyali m'kansalu.

Madzulo ndidamuperekeza kwawo nditamugwira mkono. Mayi Taqiya adatichingamira pakhomo, nkhope ili mwee.

"Bambo a Zayid, wati bwanji mlendo? Waiona mmene yayerera?" adafunsa mwamuna wawo.

Ndidatsegula pakamwa, Muqbil n'kunditsina.

"Waiona, mayi," adayankha Muqbil. "Wati sadaonepo yoyera chonchi. Koma ndi woumira, anthu a ku Jeddah mukuwadziwa."

"Asiyeni, abwera wina," adatero mayiwo.

Wina sadabwere. Chaka chisanathe maso adatsekeratu, ndipo pampando wake pamsika padakhala wogulitsa mafoni. Masiku ano amakhala pakhonde kuwothera dzuwa, ine ndimapita Lachisanu kukamunamiza kuti wanenepa. Mayi Taqiya akudikirabe wogula wosaumira, ndiye Idi iliyonse amatulutsa riyali ija n'kuikwechanso ndi phulusa. Muqbil amamva kukwechako ali pakhondepo, n'kuwafunsa ngati mandimu akwanira.